Mukapita ku Gernika ndi banja, ulendo muumange pa Lolemba

Gernika ndi tauni ya anthu pafupifupi 17,000 m'chigawo cha Bizkaia, kumpoto kwa Spain, kwawo kwa anthu a mtundu wa Basque. Alendo ambiri amaipatsa maola awiri okha. Amatsika basi yochokera ku Bilbao, kujambulitsa pamtengo wotchuka uja, kuima pang'ono pachithunzi cha Picasso, kenako n'kukweranso basi. Banja limene lasunga ndalama chaka chonse kuti likapume, makamaka inu amene muli ku Britain ndi ku Ireland komwe ndege ya ku Bilbao imatenga maola awiri kapena kupitirirako pang'ono, lisatengere zimenezo. Moyo wa tauniyi uli pa Lolemba, tsiku la msika. Fikani Loweruka kapena Lamlungu, mupeze nyumba yokhala ndi khitchini, mugule ndiwo Lolemba m'mawa, ndipo masiku otsatirawo muyende wapansi kukaona minda, madambo ndi mapiri kumene ndiwozo zachokera.

Za mapepala tithane nazo msanga. Spain ili m'gulu la mayiko a Schengen, choncho amene ali ndi pasipoti ya Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique kapena South Africa amafunika viza, ngakhale ali ndi chilolezo chokhala ku Britain. Kuyambira mu Juni 2024 wamkulu amalipira mayuro 90, mwana wa zaka 6 mpaka 11 mayuro 45, ndipo wochepera zaka 6 salipira. Amafunanso inshulansi ya zaumoyo yokwana mayuro 30,000. M'mabanja ambiri ana ali ndi pasipoti ya Britain pamene makolo ndi agogo akadali ndi ya kumudzi. Zikatero ana amalowa opanda viza, koma akuluakulu ayambe kufunafuna tsiku lokapereka mapepala miyezi iwiri kapena itatu ulendo usanafike, chifukwa nthawi ya tchuthi cha sukulu malo amatha msanga. Ngati mukuchokera ku Britain, musalongedze nyama kapena za mkaka m'chikwama, saloleza kulowa nazo. Ufa wa nsima nyamulani.

Bwalo la ndege la Bilbao lili ku Loiu, ndipo basi imakufikitsani mumzinda. Kuchokera kumeneko sitima ya Euskotren yopita ku Bermeo imadutsa pa Gernika, ulendo wa pafupifupi ola limodzi. Pasiteshoni gulani khadi ya Barik, yomwe mumaikamo ndalama n'kumalipirira sitima, basi za Bizkaibus ndi sitima zapansi za mu Bilbao pamtengo wotsika kuposa tikiti wamba. Khadi imodzi yopanda dzina imalipirira anthu angapo oyendera limodzi, bola muziigunditsa pamakina kamodzi pa munthu aliyense. Amene akufuna kubwera ndi galimoto yawo angakwere sitima yapamadzi ku Portsmouth kapena ku Rosslare, koma akonzeke kukhala panyanja kupitirira tsiku lathunthu, komanso kuyendetsa kudzanja lamanja. Ine ndimati galimoto ibwerekedwe tsiku limodzi lokha, la ku Kortezubi ndi kumagombe a kum'mawa. Masiku enawo imangokhala mtolo wosowa poimika.

Chifukwa cholimbikira nyumba ya khitchini, osati hotela, mudzachiona Lolemba.

Msika umachitikira m'holo yaikulu yofolera pakati pa tauni, ndipo ndi wa m'mawa. Cha m'ma 9 koloko matebulo amakhala atadzaza, pofika 1 koloko masana zabwino zapita. Ogulitsa ambiri ndi alimi a m'ma baserri, nyumba zikuluzikulu zamiyala zimene mudzazione zitamwazikana m'mapiri, imodzi apa ina apo, iliyonse ndi munda wake ndi khola lake. Kale ziweto zinkagona pansi, banja pambali kapena pamwamba, ndipo nyumba yonse ndi malo ake ankasiyira mwana mmodzi yekha kuti munda usagawikegawike. Mayi amene akukugulitsani kabichi mwina wadzuka m'nyumba imene makolo ake akhalamo zaka mazana atatu. Tebulo lake muliona kuchepa: milu ingapo ya masamba, mazira, botolo la uchi, maluwa. Amabweretsa zimene zacha mlungu umenewo basi.

Pali miyambo itatu imene imativuta ife. Woyamba, sanenerera mtengo. Umene walembedwa pakapepala ndi womwewo, ndipo mukayamba zoti "tsitsaniko mayi" adzakuyang'anani modabwa. Basela imabwera yokha ngati mwagula zambiri kapena mwabweranso mlungu wachiwiri, koma sapempha. Wachiwiri, musamafinye tomato ndi zala kuti muone ngati wapsa. Lozani, wogulitsa asankhe yekha, ndipo mukamuuza kuti ndi wodya lero kapena wa Lachinayi adzasankha moyenera. Wachitatu, mzere ulipo ngakhale suoneka. Wofika amafunsa kuti womaliza ndani, n'kudziwa amene akumutsatira. Nyamulani ndalama zachitsulo ndi mapepala ang'onoang'ono a mayuro 5 ndi 10, komanso zikwama zanu.

Mugule chiyani? Poyamba tsabola wa Gernika, amene dzina lake ndi lotetezedwa ndi malamulo a ku Ulaya moti wolimidwa kwina sangatchedwe choncho. Ndi wobiriwira, wamfupi ngati chala, wa khungu lopyapyala, ndipo sawawa, ngakhale mwana amadya. Amagulitsa pa dazeni. Nyengo yake ndi kuyambira chakumapeto kwa Meyi mpaka Okutobala. Kuphika kwake n'kosavuta: pukutani aume bwino, tenthetsani mafuta a olivi mupani, ponyanimo tsabola wathunthu ndi kamtengo kake komwe, tembenuzani kwa mphindi ziwiri kapena zitatu mpaka khungu lichite matuza koma lisade, tsanulani mafuta, wazani mchere wamiyala. Pakudya mumagwira kamtengo kaja. Madazeni awiri amatha ana asanakhale pansi, choncho gulani anayi.

Kenako nyemba za Gernika, zofiirira za mawanga. Zatsopano zimafika pamsika chakumapeto kwa chaka, kuyambira Okutobala, koma zouma zimapezeka nthawi yaitali. Mtengo wake mudzaudandaula poyerekeza ndi za m'sitolo, koma gulani ngakhale theka la kilogalamu. Vikani usiku wonse. M'mawa muziike pamoto ndi madzi ozizira, anyezi, karoti, liki ndi mafuta a olivi pang'ono. Zikangowira chepetsani moto kwambiri, zizingonyenya kwa maola awiri kapena atatu. Eni ake satakasa ndi chipande chifukwa nyemba zake ndi zofewa khungu, zimasweka; amangogwedeza poto, ndipo madzi akachepa amathira ozizira pang'onopang'ono. Mchere ndi wakumapeto. Msuzi wake umakhuthala wokha popanda tomato. Iwo amadya ndi buledi, ndi soseji ndi nthiti zophikidwa pambali. Inu phikani nsima, palibe adzakuimbeni mlandu.

Apa ndichenjeze abale achisilamu ndi a mpingo wa Seventh-day Adventist. Chorizo, txistorra, morcilla ndi jamón zonse ndi nkhumba, ndipo morcilla ndi ya magazi. M'malesitilanti nyemba kawirikawiri zimaphikidwa ndi nkhumba ngakhale mbale itabwera yopanda nthuli. Funsani musanaitanitse. Nsomba, mazira ndi nyama ya ng'ombe n'zambiri, simudzagona ndi njala.

Tchizi chake ndi Idiazabal, cha mkaka wa nkhosa za mtundu wa latxa, cholimba, china chofukizidwa ndi utsi. Amalawitsa musanagule, ndipo amadula kotala kapena theka. Vinyo wa kuderali ndi txakoli, woyera, wowawasa pang'ono. Pamisika ikuluikulu ya zikondwerero mudzamvanso fungo limene mudzalizindikire musanaone kumene likuchokera: chimanga chikupsa pachitsulo. Ndi talo, mkate wopyapyala wa ufa wachikasu, madzi ndi mchere, woumbidwa ndi manja n'kuwambidwa pachiwaya, ndipo amaupinda ndi soseji, tchizi kapena chokoleti mkati. Chimanga chinafika kuderali kuchokera ku America ndipo kwa zaka mazana angapo chinali chakudya cha alimi osauka, pamodzi ndi phala la mkaka lotchedwa morokil. Lero talo ndi chakudya cha pachikondwerero chimene anthu amaimira pamzere. Auzeni ana zimenezi, makamaka aja ayamba kunyoza mgaiwa.

Msika ukamatha anthu sapita kunyumba. Amalowa m'mabala, omwe kuno si malo a zidakwa koma a banja lonse, agogo ndi makanda omwe. Pakauntala pamakhala ma pintxo, tizakudya ting'onoting'ono tapabuledi. Mumatenga kamodzi kapena tiwiri ndi chakumwa, kulipira, n'kupita bala ina. N'kosangalatsa koma kumadya ndalama mwakachetechete ngati muli anthu asanu. Chakudya chotsika mtengo cha tsiku ndi menú del día, cha masana m'kati mwa mlungu: mbale yoyamba, yachiwiri, zotsekemera, buledi ndi chakumwa pamtengo umodzi. Mbale zake n'zazikulu moti ana awiri aang'ono angagawane. Koma sungani nthawi. Chakudya chamasana chimayamba cha m'ma 1:30, chamadzulo cha m'ma 8:30, ndipo pakati pakepo khitchini ndi yotseka. Masitolo ang'onoang'ono amatsekanso masana mpaka cha m'ma 4:30 kapena 5 koloko, ndipo Lamlungu ambiri satsegula n'komwe. Mukafika Loweruka, thamangirani ku sitolo yaikulu ya Eroski kukagula mkaka, mafuta ndi sopo tsiku lomwelo. Madzi a pampopi ndi abwino kumwa.

Zikwangwani zimalembedwa m'zilankhulo ziwiri, Chisipanishi ndi Euskara. Euskara sichigwirizana ndi chilankhulo china chilichonse cha ku Ulaya, chinaponderezedwa nthawi ya ulamuliro wa Franco, ndipo ku Gernika chimamveka kwambiri mumsewu ndi pamsika. Aliyense amamva Chisipanishi, Chingerezi ndi achinyamata ochepa. Phunzitsani banja mawu anayi: kaixo popereka moni, egun on m'mawa, eskerrik asko pothokoza, agur potsanzika. Mwana akathokoza m'chilankhulo chawo nkhope ya wogulitsa imasintha. Ndipo musafulumire kuuza munthu kuti ndi Msipanishi. Ena savutika nazo, ena zimawapweteka, ndipo mlendo alibe chifukwa cholowera nkhani imeneyo.

Pali msampha umodzi pa Lolemba: nyumba zambiri zosungiramo zinthu zakale ku Spain zimatseka tsiku limeneli, kapena zimatsegula theka la tsiku. Choncho Lolemba masana muone zapanja, zam'nyumba musiyire Lachiwiri. Ofesi ya zokopa alendo mumsewu wa Artekalea idzakupatsani mapu ndi nthawi zake za mlungu umenewo.

Zapanja zimayambira pamtengo wa thundu, Gernikako Arbola, pamwamba pang'ono pa tauni. Pansi pa mtengo umenewu nthumwi za midzi ya Bizkaia zinkakumana kupanga malamulo, ndipo olamulira ankabwera kudzalumbira kuti adzalemekeza malamulo a eni dera, otchedwa fueros. Mfumu Ferdinand inalumbira pamenepa mu 1476, Mfumukazi Isabella mu 1483. Boma la ku Madrid linathetsa malamulowo mu 1876, koma mwambo wa mtengo sunafe. José Antonio Aguirre, mtsogoleri woyamba wa boma la Basque, analumbirira pomwepa mu Okutobala 1936, ndipo mpaka lero mtsogoleri watsopano, amene amamutcha lehendakari, amadzaima pansi pake. Konzekeretsani ana kuti asakhumudwe, chifukwa mtengo umene ulipo ndi waung'ono, unabzalidwa mu 2015. Ukafa umodzi amabzala mwana wake wochokera ku mbewu za mzere womwewo. Umene unapulumuka nkhondo yapachiweniweni ya ku Spain unabzalidwa mu 1860 n'kufa mu 2004, ndipo chitsa cha wina wakale kwambiri chasungidwa m'kanyumba ka zipilala m'munda momwemo. Pambali pake pali Casa de Juntas, nyumba ya msonkhano yomangidwa kuyambira 1826, imene aphungu a Bizkaia amakumanamo mpaka pano. Kulowa n'kwaulere, ndipo denga la chipinda china ndi galasi lalikulu lamitundumitundu losonyeza mtengowo pamodzi ndi asodzi, alimi ndi anthu a m'migodi.

Kuseri kwake kuli paki yotchedwa Parque de los Pueblos de Europa, momwe muli ziboliboli ziwiri zazikulu, china cha konkire cha Eduardo Chillida, china chamkuwa cha Henry Moore. Ndi malo abwino odyera kamba wa kumsika uja, ana akuthamanga. Potsika mudutse patchalitchi cha Santa María, chimene anayamba kumanga mu 1418 n'kudzamaliza patatha pafupifupi zaka 300.

Mukamayenda pakati pa tauni mudzaona kuti nyumba zake si zakale monga za m'matauni oyandikana nawo, ngakhale Gernika inakhazikitsidwa mu 1366. Pa 26 Epulo 1937, nkhondo yapachiweniweni ili mkati, ndege za Germany za gulu la Condor Legion pamodzi ndi za Italy, zothandiza Franco, zinaponya mabomba pa tauniyi kwa maola opitirira atatu, kuyambira chakumadzulo. Linali Lolemba, tsiku la msika. Anaponya mabomba ophwasula, kenako oyatsa moto, ndipo ndege zina zinkawombera anthu othawira m'minda. Nyumba zambiri za pakati pa tauni zinapsa. Mtengo ndi Casa de Juntas zinatsala, ndipo mlatho wa Errenteria ndi fakitale ya mfuti ya Astra, zimene munthu angaganize kuti ndizo zinali chandamale cha asilikali, sizinakhudzidwe. Boma la Basque linati anafa anthu 1,654. Ofufuza ena a pambuyo pake amati anali mazana angapo, ndipo mkanganowo sunathe. Mbali ya Franco inakana, n'kunena kuti eni tauni anaiotcha okha. Amene anathandiza kuti dziko lidziwe zoona ndi mtolankhani George Steer, wobadwira ku South Africa, amene nkhani yake inatuluka mu The Times pa 28 Epulo. Chiboliboli cha mutu wake chili mumsewu wina wa tauniyi. Mwezi wotsatira, ana pafupifupi 4,000 a kuderali anakwezedwa sitima yapamadzi yotchedwa Habana ku doko la pafupi ndi Bilbao n'kutsikira ku Southampton, opanda makolo awo. Ana anu akukulira ku Britain adzaimva nkhani imeneyi mwa njira yawoyawo.

Chithunzi chenicheni cha Picasso chosonyeza zoopsa za tsikulo, chojambulidwa chaka chomwecho, chili ku Madrid m'nyumba ya Reina Sofía. Chimene chili ku Gernika ndi chofanizira cha matailosi, chachikulu mofanana ndi chenichenicho, pakhoma la panja, ndipo mungachione nthawi iliyonse osalipira. Lachiwiri pitani ku Museo de la Paz pabwalo la Foru. Muli chipinda chokonzedwa ngati nyumba ya banja la nthawi imeneyo, momwe mumakhala mumdima n'kumamva mawu a mayi akufotokoza, kenako mabelu ochenjeza ndi mabomba. Kwa mwana wa zaka 10 kupita m'tsogolo ndi phunziro limene sadzaliiwala. Wochepera pamenepo ndibwino atsale panja ndi mmodzi wa makolo, musinthane. Kuli kotheka kulowanso m'maenje ena obisalamo mabomba, ngati la ku Pasealekua.

Madzulo ena funsani ngati kuli masewera ku Jai Alai, bwalo lalikulu la mpira wa pelota lotsegulidwa mu 1963. Osewera amamanga dengu lalitali lopindika kudzanja, kuwakha mpira wolimba n'kuuponya kukhoma paliwiro lopitirira makilomita 200 pa ola. Nyengo yozizira mipikisano ina imachitika Lolemba madzulo. Ngakhale kulibe mpikisano, pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi khoma lake la pelota, nthawi zambiri pafupi ndi tchalitchi, pomwe ana amamenya mpira ndi chikhatho. Gulirani anu mpira wa tenisi.

Tsopano za kuyenda. Gernika ili kumutu kwa Urdaibai, dera la masikweya kilomita 220 limene UNESCO inaliika m'gulu la malo otetezedwa mu 1984, kumene mtsinje wa Oka umatambasuka kukhala madambo ndi mchenga usanathire m'nyanja. Kunja kuno ndi kobiriwira chifukwa kumagwa mvula miyezi yonse. Ali ndi kamvula kowaza kotchedwa sirimiri, kofanana ndi chiperoni cha ku Thyolo, kooneka ngati sikanyowetsa koma pakatha ola malaya onse ali chonyowa. Aliyense akhale ndi jekete yamvula ndi nsapato za mapazi ogwira, ngakhale mu Julayi. Ubwino wake, mu Juni ndi Julayi dzuwa limalowa cha m'ma 10 koloko usiku, motero ulendo woyamba 4 koloko masana ndi wokwanira.

Ulendo woyamba, umene agogo ndi ngolo ya mwana angathe, ndi wotsata mtsinje kuchokera pamlatho wa Errenteria kulowera kumpoto. Njira yake ndi yafulati, pakati pa mabango. Forua ili pamtunda wa makilomita awiri okha, ili ndi zotsalira za mudzi wa Aroma, ndipo ili ndi siteshoni ya sitima, choncho wotopa akwere abwerere. Amphamvu apitirire ku Murueta, kumene kuli chumuni chachitali cha fakitale yakale ya matailosi m'mphepete mwa madzi. Njanji imayenda mbali yomweyi mpaka ku Bermeo, ndipo ichi ndicho chimapangitsa mbali ya kumadzuloyi kukhala yabwino kwa banja: mumayenda mpaka pamene miyendo yakana, kenako n'kufunafuna siteshoni.

Tsidya linalo, ku Gautegiz Arteaga, kuli Urdaibai Bird Center, malo oonerako mbalame ndi makina oonera patali. Mu Seputembala mumadutsa mbalame zoyera za mlomo wophwatalala kunsonga, zochokera kumpoto kwa Ulaya kupita kumadzulo kwa Africa, ndipo pali mbalame ina yogwira nsomba ndi zikhadabo, ya mtundu wa osprey, imene anabweretsa anapiye ake kuchokera ku Scotland kuti ibwererenso kuderali. Nsanja yoyera imene mudzaione chapafupi ndi nyumba yachifumu ya Arteaga, yokonzedwera Eugénie, mkazi wa Napoleon III. Lero ndi hotela. Ioneni muli panja.

Tsiku la galimoto likhale la ku Kortezubi. Kumeneko kuli phanga la Santimamiñe, momwe anyamata ena anapeza zithunzi za njati, akavalo ndi chimbalangondo mu 1916, zojambulidwa zaka zoposa 12,000 zapitazo. Chipinda cha zithunzicho chinatsekedwa chifukwa mpweya wa alendo unkaziwononga. Mumalowa pakhomo pa phanga, zamkati n'kuonera pakanema. Pamafunika kulembetsa pasadakhale. Pamalo oimika galimoto omwewo ndi poyambira njira ya ku nkhalango ya Oma, kumene Agustín Ibarrola anapaka utoto mitengo ya paini m'zaka za m'ma 1980: maso, mizere, anthu othamanga, utawaleza. Chinsinsi chake n'chakuti chithunzi chimodzi chimagawidwa pamitengo ingapo, ndipo chimalumikizana pokhapokha mwaima pamalo oyenera, amene aikapo chizindikiro pansi. Ana amapenga nazo. Mitengo yoyambayo inagwidwa matenda ndipo nkhalangoyo inatsekedwa mu 2018, koma zithunzizo anazijambulanso pamitengo ina chapafupi n'kutsegula mu 2023, Ibarrola atatsala pang'ono kumwalira. Kukafika ndi pafupifupi ola limodzi la chikweza, kulibe sitolo kumtundako, ndipo nthawi ya alendo ambiri amafuna kuti mulembetse pa intaneti. Nyamulani madzi, buledi ndi tchizi chija.

Ofuna kuona dera lonse ali pamwamba ali ndi timatchalitchi tiwiri tapansonga za mapiri. San Miguel de Ereñozar ili pamtunda wa mamita 446, ndipo kuchokera m'mudzi wa Ereño ndi chikweza chachifupi koma choimirira. San Pedro de Atxarre ndi yotsikirapo, mamita 312, poyambira pake ndi ku Akorda, ndipo kwa ine ndiyo yoposa chifukwa mumaona mtsinje wonse, mchenga wa Laida, Mundaka tsidya lija ndi chilumba cha Izaro. Miyala ya njira zonse ziwiri imaterera kukagwa mvula. Kukacha ndi nkhungu musavutike, mudzangoona zoyera.

Njira zimakhala ndi zizindikiro za utoto pamiyala ndi pamitengo. Mzere woyera ndi wofiira ndi njira yaitali ya masiku angapo, woyera ndi wachikasu ndi yaifupi, ndipo mizere iwiri yopingasana ikutanthauza kuti mwalakwa njira. Mivi yachikasu ndi ya apaulendo a ku Santiago de Compostela, amene njira yawo ya kumpoto imadutsa mu Gernika. Musaitsate mwachisawawa, ingakufikitseni ku Bilbao. Mudzadutsa pakhomo pa ma baserri. Perekani moni, tsekani geti iliyonse imene mwatsegula, musathyole nkhuyu kapena maapulo ngakhale nthambi italendewera mumsewu, ndipo galu wolondera nkhosa mumupatse mpata. Madzulo fufuzani ana m'miyendo, m'khwapa ndi kuseri kwa makutu ngati alumidwa ndi nkhupakupa, zimene zimakhala muudzu wautali ndipo zina zimapatsa matenda. Nambala ya ngozi ndi 112.

Nyanja ndiyo ndikufuna muimvetse bwino. Amene tinaphunzira kusambira ku Nyanja ya Malawi sitinazolowere madzi okwera ndi kuphwa kawiri pa tsiku. Ku Laida madzi akaphwa pamatsala mchenga waukulu woti ana n'kuthamangapo mpaka kutali, koma akayamba kubwerera amadzaza makwawa a kumbuyo kwanu poyamba, ndipo pamathiriro a mtsinje amakoka mwamphamvu. Onani ndandanda ya nthawi ya madzi m'mawa uliwonse, sambirani pokhapokha pali opulumutsa anthu, amene amakhalapo nyengo yotentha yokha, ndipo mbendera yofiira ikakwezedwa musalowe ngakhale mpaka m'mawondo. Mafunde a ku Mundaka ndi otchuka padziko lonse kwa akatswiri oseweretsa mabolodi. Inu muwaonere pakhoma la tchalitchi cha Santa Catalina. Madzi ake ndi ozizira ngakhale mu Ogasiti.

Bermeo, kumathero a njanji, ndi doko la asodzi lokhala ndi nyumba zopyapyala zamitundumitundu, ndipo ndiko kogula nsomba ya bonito nyengo yotentha kapena yam'mabotolo nthawi ina iliyonse. Kupitirira apo kuli San Juan de Gaztelugatxe, katchalitchi kapachilumba kofikirika pamasitepe 241, kamene kanatchuka kwambiri atajambulirapo kanema wa Game of Thrones. Tikiti yake ndi yaulere koma nthawi ya alendo ambiri muyenera kuitenga pa intaneti masiku angapo m'mbuyo. Masitepewo si vuto lenileni. Vuto ndi chitsetso chochokera pamsewu, chimene pobwerera chimasanduka chikweza, ana atatopa kale. Ngati muli ndi agogo kapena khanda lakumsana, oneranitu pamalo oonera a pamwamba, nthawi yotsalayo mukaithere ku Elantxobe, mudzi wokangamira paphiri umene misewu yake ndi yopanikiza moti basi imatembenuzidwa pachitsulo chozungulira.

Lolemba lomaliza la Okutobala ndi msika waukulu wa chaka, pamene matebulo mazanamazana amadzaza misewu yonse, anthu amabwera miyandamiyanda, ndipo tchizi chopambana mpikisano chimagulitsidwa pa okushoni. Kawirikawiri limagwera pa tchuthi chachifupi cha sukulu za ku England. Ndi tsiku labwino kwa banja la ana akuluakulu, bola mubwere pasitima ndipo mufike 10 koloko isanakwane. Ndi ana aang'ono, Lolemba wamba ndi lokoma kuposa pamenepo.

Polongedza zobwerera, kumbukirani kuti mu Epulo 2025 Britain inaletsa apaulendo kulowetsa nyama ndi za mkaka kuchokera ku mayiko a European Union chifukwa cha matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi a ziweto. Onani ngati lamulolo likugwirabe ntchito musanagule tchizi chathunthu. Ngati likadalipo, tchizi mudyere komweko, m'chikwama muike nyemba zouma, nsomba zam'mabotolo ndi nkhata ya tsabola wofiira wouma wotchedwa choricero, amene mumamuviika m'madzi otentha n'kupala mnofu wake ndi supuni kuthira mumsuzi. Mabotolo akhale m'chikwama chachikulu chopita pansi pa ndege, okulungidwa m'malaya.